Mlandu wa Bere la Namawanga

Ufumu wa Tionamawa uli kuseri kwa phiri la Musandifunse, ndipo aliyense amene anafikako amavomereza kuti ndi dziko la mbuzi. Kuyambira makedzana, anthu akumeneko akatha kukolola ankamasula mbuzi zawo kuti zikadye mapesi m'minda, ndipo zimene mbuzizo zinkakambirana kumindako panalibe wozifunsa. Munthu wopanda tonde sankadandaula, pakuti tonde wa mnansi sankadziwa malire a munda. Ikapita miyezi ingapo, m'makola munkamveka timawu ta tiana, nkhani n'kuthera pomwepo.

Dzikoli linkalamulidwa ndi Mfumu Gwedezani Wachiwiri, munthu wa mtima wabwino amene chibadwire sanakanepo mawu a mnzake. Iye ankagwirizana ndi aliyense wolankhula pomalizira. Nduna zake ziwiri zikuluzikulu zinkaudziwa bwino mkhalidwe umenewu, choncho misonkhano ya kunyumba yachifumu inkatalika kwambiri, pakuti nduna iliyonse inkadikira kuti inzake itope kapena ipite kukataya madzi.

Nduna yoyamba inali a Tisamale, amene ankakhulupirira kuti palibe chinthu chabwino chimene chingachitike popanda dzanja la boma. Yachiwiri inali a Mudziwanokha, amene ankakhulupirira kuti msika ndi mayi wa zabwino zonse, ndipo boma lingokhala pamthunzi n'kumaonerera.

Chaka china a Tisamale anaimirira m'bwalo ndi misozi m'maso. Anati n'zochititsa manyazi kuti m'dziko lotukuka, mbuzi ya munthu wosauka izidalira chifundo cha tonde wongodutsa. Nanga tondeyo akapanda kudutsa? Nanga akadutsa wonyansa, wa miyendo yamatewe? Mfumu inagwedeza mutu, ndipo lamulo linatuluka lakuti atonde onse asonkhanitsidwe ku Khola Lalikulu la Boma, kuti mudzi uliwonse uzilandira tonde mwachilungamo pa nthawi yake.

Poyamba anthu anasangalala, chifukwa tonde wa boma ankabwera ndi ng'oma. Ankatsika pangolo atavala nsalu yofiira m'khosi, akuluakulu n'kuyamba zolankhula. Vuto linali lakuti zolankhulazo zikamatha, tonde amakhala atagona. Kukholako atonde ananenepa ndi madeya mpaka kuiwala ntchito imene anabadwira. Komanso chiwerengero chawo chinkatsika nthawi zonse kunyumba yachifumu kukabwera alendo, ndipo unduna unkafotokoza kuti atonde osowawo apuma pantchito.

Mwayi wa a Mudziwanokha unafika tsiku limene a Tisamale anadwala chimfine mpaka mawu kusasa. Iwo analankhula okha m'bwalo dzuwa lonse. Anati tonde amene amadya ngakhale asanagwire ntchito sangalimbikire, ndipo mpikisano wokha ndi umene ungadzutse atonde a dziko lino. Mfumu inagwedeza mutu. Theka la atonde linagulitsidwa kwa makampani atatu opikisana: Tonde Wachangu, Tonde Wamakono ndi Tonde wa Anthu. Makampani onse atatu anali a Bwana Chidyeretu, mlamu wa a Mudziwanokha, amene anapikisana ndi iye mwini mwamphamvu kotero kuti mtengo unkakwera sabata ndi sabata.

A Tisamale atachira, mkangano unabuka, ndipo mfumu inagwedezera mutu mbali zonse mpaka khosi kuwawa. Pomaliza inagamula mwanzeru kuti kuyambira m'mawa kufikira dzuwa lili paliwombo dziko liziyendetsedwa ndi boma, ndipo kuyambira masana liziyendetsedwa ndi msika. Panali mfundo imodzi yokha imene nduna zonse ziwiri zinagwirizana: tonde woyenda yekha, wosakhala wa boma kapena wa kampani, ndi mdani wa chitukuko. Apolisi anayamba kulanda atonde amene anthu ankabisa kuseri kwa nkhokwe, n'kumawatsekera m'khola la zolandidwa, kumbuyo kwa msika waukulu wa Kwerakwera.

M'mudzi wa Dikirani munali mayi wina dzina lake Nangondo. Mayiyu anali ndi mbuzi imodzi yokha, mkota wa mawanga umene ankautchula kuti Namawanga. Mbuziyi inali yotsala pa mbuzi za malemu amayi ake, mtundu wobereka mapasa umene unakhala m'banjamo kuyambira nthawi ya agogo awo. Koma chiyambire malamulo atsopanowa, Namawanga anali asanaberekenso, ndipo ukalamba unali utayamba kumuonekera m'mano.

Mlongo wake wa Nangondo, a Lufeyo, amene anali mwini mbumba, anabwera tsiku lina kudzanena kuti mvula isanagwe banja limanga chiliza cha amayi awo, ndipo anthu obwera kumwamboko sadzadya masamba okhaokha. Polankhula, maso awo anali kukhola. Nangondo anawakumbutsa kuti mbuziyo ndi mbewu ya amayi, ndipo ikazingidwa mtunduwo watha. A Lufeyo anayankha kuti mbewu imene simera imatchedwa ndiwo. Anakangana mpaka nkhuku kuthawa pabwalo. Pomaliza a Lufeyo anagonjera pa chinthu chimodzi.

"Chabwino, achemwali. Ikakhala ndi bere sindiikhudza, pakuti mbuzi ya bere sazinga pa chiliza cha mayi wako. Koma tsikulo likaipeza yopanda kanthu, mpeni ndanola kale."

Pasanapite nthawi, m'mawa wina Namawanga anadzuka akulira mosalekeza, mchira ukugwedezeka ngati tsamba pamphepo, msipu osaulabadira. Aliyense woweta amadziwa tanthauzo la zimenezi, ndipo amadziwanso kuti nyengoyi siichedwa: ukazengereza lero, mawa madzulo mbuzi yaiwala. Nangondo anamanga chitenje, n'kugwira chingwe, ulendo wa kulikulu. Popeza kunali kudakali m'mawa, analunjika ku Khola Lalikulu la Boma.

Kalaliki wa pakhomo anamulandira mwaulemu, n'kumupatsa benchi. Anamvetsera nkhani yonse akugwedeza mutu monga amachitira aliyense wofuna kukwezedwa pantchito m'dziko limenelo. Kenako anafotokoza kuti nthawi ya mudzi wa Dikirani idzafika pakati pa dzinja, ndipo kupatsa munthu mmodzi tonde lero kungakhale kulakwira midzi ina imene ikudikira modekha. Nangondo anati mbuzi yake siingafike dzinja ili moyo. Kalaliki anaiyang'ana mbuziyo mwachisoni.

"Mayi, vuto ndi lakuti mbuzi yanuyi yafuna tonde mosatsata ndondomeko. Mukailangize. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Ndiye muiuze ndinu, bwana. Ine ndaiuza njira yonse, koma ikuoneka kuti sinapite kusukulu."

Kalaliki sanaseke. Anati ngakhale akanafuna kuthandiza, tonde wogwira ntchito sabata imeneyo anali atapita ku chionetsero cha zaulimi, kumene akalandire mendulo chifukwa cha kunenepa. Otsalawo anali pa nthawi yopuma. Nangondo anasuzumira pampanda naona atonde asanu kapena asanu ndi mmodzi ali gone pamthunzi, mimba zitafufuma. Namawanga analira mokweza. Tonde mmodzi anatsegula diso limodzi, n'kulitsekanso. Nthawi yomweyo belu la masana linalira, ndipo kalaliki anatseka zenera, popeza ulamuliro wa boma unali utatha tsiku limenelo.

Nangondo anawoloka msewu n'kulowa ku Tonde wa Anthu, poganiza kuti dzinalo likunena za iye. Kumeneko kunali kowala, kopakidwa penti, ndipo Bwana Chidyeretu anamulandira yekha ndi kumwetulira kwa mano onse. Anati kwa iye wogula ndiye mfumu, ndipo mfumu imasankha. Panali magulu atatu. Pa gulu lapamwamba, mbuzi inkalowa kwa tonde wa kunja kwa dziko, mwini mbuzi atasiya ng'ombe. Pa gulu lapakati, mbuzi inkalowa kwa tonde wamba, koma ana onse a bere limenelo ankakhala a kampani. Pa gulu la anthu ovutika, limene Bwana Chidyeretu anati analikhazikitsa chifukwa cha chifundo chake, mwini mbuzi ankapereka nkhuku imodzi, mbuzi n'kuima kunja kwa mpanda kumanunkhiza fungo la tonde.

Nangondo anafunsa ngati ilipo mbuzi imene inatengapo bere chifukwa cha fungo. Bwana Chidyeretu anati kafukufuku akupitirira, koma ogula ambiri amabwerera kwawo ali ndi chiyembekezo. Nangondo atafunsa za gulu lapakati, kuti iye apindulanji ngati ana onse atengedwa, bwanayo anati apindula podziwa kuti mbuzi yake ndi yobereka. Anawonjezera kuti ngati sakukhutira ali ndi ufulu wopita ku makampani ena awiriwo, pakuti umenewo ndiwo ubwino wa msika. Nangondo anapitadi ku Tonde Wachangu. Anapeza Bwana Chidyeretu yemweyo ali wefuwefu, atalowera khomo la kumbuyo n'kusintha chipewa.

Dzuwa litapendeka, Nangondo anakakhala pansi mumsika wa Kwerakwera, pafupi ndi benchi la mnzake wa paubwana, Nasibeko, amene ankagulitsa mpiru ndi tomato. Amayi a mumsikamo atamva nkhaniyo sanadabwe. Wogulitsa usipa anati mbuzi yake inapita ku gulu la fungo kawiri, ndipo tsopano ikangoona nkhuku imalira. Wogulitsa mandasi anati tonde wa boma anafikadi kwawo chaka chatha, koma anthu anapindula ndi ng'oma zokha, moti ana obadwa m'mudzimo chaka chimenecho anali a anthu, osati a mbuzi. Wina anati dziko lino n'labwino, m'mawa umakanidwa mwaulere, masana umakanidwa utalipira.

Akuseka choncho, Namawanga anayamba kukoka chingwe mwamphamvu kulowera kumbuyo kwa msika. Mphepo inali itatembenuka, ndipo inabweretsa fungo limene mphuno ya woweta siingalisokoneze ndi lina. Kunamvekanso kugunda kwa nyanga. Nasibeko anafotokoza kuti kumeneko ndiye kukhola la zolandidwa, kumene apolisi amatsekera atonde a anthu, oonda, aukali, osadziwa madeya, pamodzi ndi mbuzi iliyonse yopalamula mumsika. Khola linali limodzi, pakuti ndalama zomangira lachiwiri zinapita ku msonkhano wokambirana za kufunika kwa khola lachiwiri.

Nangondo anayang'ana mbuzi yake.

"Anzanga, kodi mbuzi imapalamula bwanji kuti imangidwe?"

Amayiwo anagwirizana mwachangu. Nangondo anatayirira chingwe, Namawanga n'kulowetsa mutu mu mpiru wa Nasibeko, ndipo Nasibeko anakuwa ngati waona njoka m'nyumba. Anakuwa bwino kwambiri, mpaka kutchula ana ake amasiye, ngakhale mwamuna wake anali moyo ndipo ankasoka nsapato pafupi pomwepo. Wapolisi wa pamsika, Sajeni Mbendera, anabwera pang'onopang'ono akutafuna chinangwa. Atamva dandaulo anayang'ana dzuwa, nanena kuti ino ndi nthawi ya msika, ndipo boma silingalowerere pa nkhani ya pakati pa wogulitsa ndi wakudya. Anawalangiza kuti mbuzi ndi mwini mpiru akambirane mtengo. Ngati akufuna kuti imangidwe, ibwere idzadyenso mawa m'mawa.

Koma mawa linali kutali kwa Namawanga, ndipo Nangondo ankadziwa zimenezo. Tsono pakati pa msikawo panali chipilala cha Mfumu Gwedezani, chozunguliridwa ndi maluwa ofiira amene ankathiriridwa ngakhale chaka cha chilala. Nasibeko ataona kumene maso a mnzake alunjika, anamugwira mkono n'kumunong'oneza kuti asayerekeze, pakuti chilango cha chiweto chonyoza mfumu ndi mphika wa kunyumba yachifumu. Nangondo anayankha kuti mpeni wa achimwene ake ndi mpeni wa mfumu kwa mbuzi n'chimodzimodzi, koma wa mfumu uli ndi ubwino wakuti umachedwa. Anamasula chingwe m'khosi mwa Namawanga, n'kumuwomba pang'ono pambuyo.

Duwa loyamba lisanamezedwe, Sajeni Mbendera anali atataya chinangwa. Zinaoneka kuti ulemu wa mfumu sudziwa m'mawa kapena masana. Mluzu unalira, apolisi ena anathamanga, ndipo Namawanga ananyamulidwa miyendo m'mwamba kupita kukhola la zolandidwa. Chitseko chitatsekedwa, kunamveka phokoso lalikulu la nyanga, kenako bata. Amayi a mumsika anayang'anana, wogulitsa usipa n'kuyamba kululutira chapansipansi.

Mlandu wonyoza mfumu umazengedwa ndi mfumu yokha, ndipo ku Tionamawa palibe chimene chimachitika lero. Miyezi inadutsa. Nangondo ankapita ndi msipu kukaponya pamwamba pa mpanda, osaloledwa kuona mbuzi yake, osadziwa ngati yatenga kapena ayi. A Lufeyo ankayendayenda akudandaula kuti boma lawadyera ndiwo za chiliza. Mitambo itayamba kusonkhana, mlandu unaitanidwa, ndipo onse awiri anapita kubwalo, wina kukapempha moyo wa mbuzi, wina kukapempha nyama yake.

Namawanga atalowetsedwa m'bwalo, anthu anang'ung'udza. Mimba inali itatambalala mbali zonse ngati wanyamula madengu awiri. Nangondo anangogwira pakamwa. Wozenga mlandu anayamba kufotokoza za maluwa, koma panalibe womumvera, pakuti inali mbuzi yoyamba ya bere imene likulu linaiona m'zaka ziwiri.

A Tisamale analumpha. Anati bwalo lidzionere lokha chipatso cha dzanja la boma: mbuziyi inamangidwa ndi wapolisi wa boma, inagona m'khola la boma, ndipo bere ili ndi la boma kuyambira kumutu mpaka kumchira. Mfumu inagwedeza mutu. A Mudziwanokha analumphanso. Anati m'kholamo munalibe ndondomeko, munalibe kalaliki, munali atonde opikisana mwaufulu, ndipo wamphamvu ndiye anapambana. Ngati pali umboni wa mphamvu ya msika, ndi mimba imeneyi. Mfumu inagwedeza mutu. Bwana Chidyeretu anapempha kuti bwalo limupatse ana, popeza bere lililonse lotengedwa masana ndi malonda amene kampani yake yaberedwa. Mfumu inagwedezanso mutu, koma mofooka, chifukwa khosi linali litayamba kuwawa.

Wozenga mlandu anakumbutsa bwalo kuti chilango ndi mphika. Apa nduna zonse ziwiri zinakuwa pamodzi kuti zosatheka, pakuti iliyonse inkafuna kuyenda ndi mbuziyo m'misonkhano ngati umboni wake. Kunali koyamba kuti zilankhule mawu amodzi pa nthawi imodzi, ndipo mfumu, posowa wolankhula pomalizira, inasokonezeka n'kuchita chinthu chimene inali isanachitepo: inafunsa munthu wamba.

"Mayi, tiuzeni inuyo. Wakuthandizani ndani, boma kapena msika?"

Nangondo anagwada, n'kuwomba m'manja katatu.

"Gogo chalo, onse anandithandiza. Msika ndiwo unachititsa kuti atonde alandidwe, boma ndilo linawasonkhanitsa malo amodzi. Kenako onse awiri anatseka chitseko n'kuchokapo. Zotsalazo mbuzi zinkazidziwa kale."

Nduna iliyonse inamva mbali yake yokha ndipo inakhutira. Popeza Nangondo ndiye analankhula pomalizira, mfumu inagwedeza mutu kwa nthawi yaitali. Inagamula kuti Namawanga ndi chuma cha dziko, iye ndi ana ake ndi zidzukulu zake, ndipo asungidwe ndi Nangondo kufikira bwalo lidzapeze mwini bere. Aliyense womukhudza ndi mpeni adzakhala wanyoza boma ndi msika pamodzi. Za maluwa, inati adzalenso ena.

Pobwerera kwawo anadutsa mumsika wa Kwerakwera. Mbiri inali itawatsogolera. Kuchipilala kunali mzere wautali wa amayi ogwira zingwe, mbuzi zikulira, maluwa atatha mpaka mizu. Wina anali atatsegula kale benchi logulitsa maluwa ofiira oti munthu adzale yekha pachipilala mbuzi yake n'kudya. Sajeni Mbendera anali atakhala pampando, mluzu uli pakamwa, dengu la nkhuku lili pambali, akumanga mbuzi za okhawo amene amuona bwino. Nasibeko anakuwa ali pabenchi lake kuti mpiru wake uja sanauiwale, adzafuna kamwana kamodzi.

A Lufeyo anayenda kumbuyo njira yonse, maso ali pa mimba ya mbuziyo. Atafika pa mtsinje wa kufupi ndi kwawo analephera kupirira.

"Nanga tsono, achemwali, anthu pa chiliza adzadya chiyani?"

Nangondo anaima kuti Namawanga amwe madzi.

"Musadandaule, achimwene, dziko lino limasamala anthu ake. Mukalawirire kuboma mukapemphe ndiwo. Akakukanani, mudikire masana."